Njinga Yamoto Si Khasu, Tiyambe Taphunzira

Alimi anzathu ambiri kuno kwa Changata akugula njinga zamoto akagulitsa tiyi, nthochi ndi nandolo. Izi n'zonyaditsa. Chotidandaulitsa n'chakuti ambiri akuphunzirira pabwalo la mpira tsiku limodzi, mawa lake n'kumatsika zitunda za ku Thekerani atanyamula anthu ndi matumba a feteleza. Mapeto ake mwendo uli m'chikhakha kuchipatala, munda ukumera tchire.

Tisankhe maphunziro molingana ndi pamene tafika. Amene sanakwerepo ayambe ndi njinga yosapitirira 125cc, ya laisensi ya A1, ndipo asathamangire kunyamula munthu. Amene wayendetsa zaka zambiri popanda laisensi asadzinamize kuti anatha zonse. Akufunika kuphunzira malamulo a pamsewu, kamangidwe ka katundu ndi kagwiridwe ka mabuleki pamtsetse wamatope. Tisanalipire, tifunse ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi a Road Traffic. Paja safunsa anadya phula.

Tikupempha makalabu athu kuti asonkherane ndalama n'kuitana aphunzitsi ovomerezeka kuno kumudzi. Nalo boma libweretse mayeso a laisensi pafupi, chifukwa ulendo wa ku Blantyre umadya ndalama ya feteleza.