Tinakwiyira Rowling, nanga lilime lathu?

Mu Novembala 2024, BBC italengeza kuti Barbra Banda ndiye katswiri wa mpira wa akazi caka cimeneco, wolemba mabuku wa ku Britain, J.K. Rowling, anamunyoza pa intaneti monga kuti si mkazi weniweni. Tonse tinakwiya, kucokera m'maminibasi a ku Matero mpaka pa siteshoni ya Katete. Kwathu ku Katete a Banda ali paliponse, ndiye cinatiwawa ngati atukwana mwana wa pakhomo.

Mkwiyowo unali woyenera. Mu 2022 anamuletsa kusewera mpikisano wa Africa ku Morocco cifukwa ca malamulo opima thupi. Koma ndi mtsikana yemweyo amene anamwetsa Netherlands zigoli zitatu ku Tokyo, China zitatunso, ndipo cigoli cake ndico cinapatsa Orlando Pride cikho ca ligi ya ku America mu 2024.

Manje mvetserani mmene timakambira m'basi tikamva kuti timu yakunja yalemba wosewera wokonda mwamuna mnzake kapena mkazi mnzake. Nyozo zake n'zomwezo, tangosintha cilankhulo. Sindikuti nkhani ya Barbra ndi imeneyo, ayi. Ndikunena ife: timasiya kuyang'ana phazi, n'kuyamba kusuzumira kucipinda.

Ena amati matimu amangofuna kuchuka cabe. Inde, makamera amathamangira kumeneko. Koma timu ya mpira wa ciAmerica ya St. Louis Rams itasankha Michael Sam mu 2014, inamucotsa ligi isanayambe. Kuchukako sikunamusungire nchito. Ndipo amene amalipira ndi wosewera, osati timu. Eudy Simelane wa Banyana Banyana, amene sanabise kuti amakonda akazi, anagwiriridwa ndi kuphedwa ku KwaThema mu 2008.

Kuno lamulo likali lolimba. Mu 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anagamulidwa zaka 15, mpaka anakhululukidwa mu 2020. Ndani m'ligi yathu angaulule? Cotsala ndi mphekesera, ndipo mphekesera sizifunsa umboni. Zimagwera mtsikana aliyense wometa tsitsi, wamapewa otambalala, wothamanga kuposa anyamata. Ku Sinda kapena ku Vubwi, amai ake akamva kawiri katatu zimene anthu akunena pacigayo, amamubisira nsapato za mpira, ati kaili mpira udzamuononga, akhale pakhomo aphike.