Firiza ikamalira usiku, musangodina batani n'kukagona

Cha m'ma 2 koloko usiku wa Lachiwiri lapitali, ndinadzidzimuka ndi kaphokoso kochokera kuchipinda chosungira katundu. Ti-ti-ti, kenako zii, pakapita kanthawi ti-ti-ti. Ndimakhala ndi azakhali anga kuno kwa Mponda chibwerereni ku yunivesite fizi itavuta, ndipo m'chipindamo muli firiza yomwe imatidyetsa tonse pakhomo pano. Azakhali amaoda chambo ndi kampango kunyanja n'kumagulitsa kwa anthu a malesitilanti pa boma, komanso amapanga mafirizesi a malambe ogulitsa kwa ana asukulu.

Ndisanafike n'komwe, ndinamva azakhali akubwerera kukagona.

"Azakhali, chavuta n'chiyani?"

"Kagone iwe, ndadina kale. Ikungolongolola, yayamba dzana."

Dzana? Ndiye kuti kwa masiku atatu firiza inkawauza kuti zinthu sizili bwino, iwo n'kumaitseka pakamwa. Kutacha titavundukula, nsomba za m'mbali zinali gwa ngati mwala, koma za pakati zinali zitafewa, zina zitayamba kale kafungo. Pafupifupi theka la oda ya sabata imeneyo tinakataya kudzenje. Ndalama yake inali ya ku banki m'khonde, yoti Loweruka akabweze.

Nditaika nkhaniyi pa WhatsApp, anzanga a ku Mpondasi, Makawa mpaka ku Monkey Bay anayankha kuti kwawonso firiza ikulira. Aliyense ankati ndi magetsi basi. Zoona, magetsi ali nawo mlandu, ndipo ndifikako. Koma nditakhala tsiku lonse ndi bambo wina wokonza mafiliji yemwe anabwera kudzationera, ndaona kuti zambiri zomwe zimaliza alamu zili m'manja mwathu momwemu.

Choyamba timvetsetse kuti alamu ndi chiyani. Firiza ya pakhomo inapangidwa kuti m'kati mwake muzizizira kufika madigiri 18 kunsi kwa ziro. Pamenepo tizilombo towoletsa chakudya timaleka kuswana. Sitifa ayi, timangogona, ndipo kukafunda timadzuka n'kupitiriza ntchito. Firiza zambiri zatsopano zili ndi kachipangizo koyeza kuzizira, ndipo m'katimo mukafunda kuposa muyezo, kapena chitseko chikakhala chosatseka kwa nthawi yaitali, zimalira. Zina, makamaka zakale zija zotsegula pamwamba, sizilira koma zimayatsa kagetsi kofiira. Uthenga wake ndi womwewo. Batani lija mukalidina mwangothetsa phokoso, m'katimo mukadali mofunda.

Tsono n'chifukwa chiyani zikulira kwambiri kuno? Pali zinthu zitatu zomwe zimakumana ku Mangochi.

Chinthu choyamba ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumafika madigiri 35 ngakhale kuposa, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumaposa pamenepo. Pitani kuseri kwa firiza yanu kapena m'kati mwake mukaone kapepala komatidwa ndi kampani. Pamalembedwa chilembo chosonyeza nyengo yomwe anaipangira. Ya N imapirira mpaka madigiri 32, ya ST mpaka 38, ya T mpaka 43. Firiza zambiri zakaunjika zomwe zimachokera ku Ulaya ndi za N kapena SN, zopangira maiko ozizira. Kuiika m'chipinda cha ku Mangochi masana a Okutobala, kompulesa imagwira ntchito osapuma koma osakwanitsa, alamu n'kuyamba. Amene ali ndi abale ku Joni otumiza katundu, auzeni aziyamba aona chilembochi asanalipire.

Chinthu chachiwiri ndi magetsi. Madzi omwe timawaona akudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi amalowa mu Malombe, amafika pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, kenako n'kukazunguza makina a EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mu mtsinje umodzi womwewu wa Shire, ndiye ukangodwala, dziko lonse limadwala. Madzi atatsika m'nyanja cha m'ma 2016 ndi 2017, tinkakhala maola ambirimbiri mumdima. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, ndipo makinawo anadzayambiranso mu 2023. Zinyalala ndi matope nazo zimatseka makina nyengo ya mvula. Sola ya ku Salima ya mamegawati 60 ndi ya ku Golomoti ya mamegawati 20 zinathandizako, koma nsomba yanu imafuna kuzizira usana ndi usiku womwe. Pomwe akuluakulu akukamba za laini yochokera ku Matambo ku Tete kudzafika ku Phombeya ku Balaka, wa geni ayenera kukhala wokonzeka kuti magetsi atha kuzima nthawi iliyonse.

Chinthu chachitatu ndi ifeyo. Tinatenga firiza ya pakhomo n'kuisandutsa fakitale. Pa kapepala komwe kaja pamalembedwanso makilogalamu a chakudya chatsopano omwe firiza ingaumitse pa maola 24, ndipo kawirikawiri nambalayo ndi yaing'ono kuyerekeza ndi kukula kwa firizayo. Kusunga zouma kale ndi ntchito ina, kuumitsa zofunda ndi ntchito inanso. Azakhali anathira basiketi yonse ya nsomba zochokera padzuwa nthawi imodzi, n'kusanjika mafirizesi osazizira pamwamba pake. Kuzizira kunalephera kufika pakati, ndipo n'komwe nsomba zinaolera. Kuonjezera apo, tsiku limenelo magetsi anazimapo masana.

Ndinafunsa bambo wokonza uja kuti, "Nanga bambo, ikalira tiziyambira pati?" Anandiyendetsa m'ndondomeko yomwe ndikulembanso pano, kuyambira zosafuna ndalama.

Yambani ndi chitseko. Onani ngati jumbo kapena mchira wa nsomba sizinapanikizike. Kenako yesani labala wozungulira chitseko: ikani pepala pakati, tsekani, n'kulikoka. Likangosololoka mosavuta, mpweya wotentha ukulowera pamenepo. Yesani mbali zonse zinayi. Labala wakuda mutsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo. Wong'ambika, ngati wathu, n'ngofunika kusintha, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa kompulesa.

Kenako ganizirani za magetsi. Kodi anazima? Mayunitsi alipo? Pulagi yalowa bwino? Magetsi akangobwera firiza zambiri zimalira kukudziwitsani kuti m'kati munafunda. Apa dinani batani, tsekani, ipatseni maola angapo osatsegulatsegula. Ikaleka yokha, nkhani yatha. Ikafika mawa lake ikulirabe, vuto ndi lina.

Onani pomwe mwaiika. Firiza imachotsa kutentha m'kati n'kukutayira kunja, kudzera m'mawaya akuda a kuseri kapena m'makoma ake a m'mbali. Yathu inali itagunda khoma, mbali ina kuli matumba a chimanga, pamwamba atayala nsalu. Kuseriko kunali fumbi ndi akangaude osaneneka. Isunthireni patali ndi khoma masentimita 10 kapena kuposa, ichoke padzuwa ndi pafupi ndi mbaula. Zulani pulagi, sesani fumbilo ndi burashi yofewa.

Onani ayisi wa m'makoma. Ambirife timaganiza kuti ayisi wochuluka ndiye kuti firiza ndi yamphamvu, koma ayisi akakhuthala amakhala ngati bulangeti, kuzizira sikufika pa chakudya. Akafika sentimita imodzi, tulutsani katundu mumuike mu kula bokosi, zimitsani, musiyeni asungunuke yekha kapena ikanimo beseni la madzi otentha. Chonde aise, mpeni ayi. Mapaipi a gasi amadutsa m'khoma momwemo, mukangoboola firiza yatha. Komanso gasi wa R600a yemwe ali m'firiza zambiri za masiku ano amayaka moto.

Pomaliza mvetserani kompulesa. Ikamang'ung'udza mosalekeza n'kumapuma nthawi zina, ili bwino. Ikamati "kwe", n'kukhala chete, pakapita mphindi zingapo "kwe" kachiwiri, ndiye kuti ikulephera kudzuka. Mwina kachipangizo koidzutsa kapsa, mwina magetsi afooka. Kwathu kuno ndi mavoti 230, koma madzulo aliyense akayatsa zake, kapena mukalumikiza firiza pa adaputa yotchipa pamodzi ndi ketulo ndi ayironi, mphamvu imatsika. Mukaona mababu akuyaka mofooka, zulani pulagi, chifukwa kompulesa yokakamira kudzuka pa magetsi ochepa imapsa. Firiza ikhale ndi soketi yakeyake. Gulaniponso fridge guard, kabokosi kaja kamadula magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri n'kudikira mphindi zingapo asanalowenso. Ngati mulibe, magetsi akazima zulani pulagi, akabwera dikirani mphindi 5 musanalumikize.

Zonsezi zikakanika, kapena pa sikirini pakutuluka zilembo zachilendo, kapena kompulesa ikuyenda osapuma koma m'kati simukuzizira, itanani wodziwa ntchito. Koma samalani ndi amene angofika n'kunena kuti "gasi watha" asanayeze chilichonse. Gasi wa firiza satha ngati petulo. Amazungulira m'mapaipi otseka, ndiye akachepa ndiye kuti penapake pabooka. Wongothira gasi osapeza podontha abweranso mwezi wamawa kudzatenga ndalama ina. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zoitanitsa kunja zinakwera mtengo moti kwa ambiri kompulesa ikapsa, geninso yathera pomwepo.

Pali nkhani ina yomwe ambiri safuna kuikamba. Azakhali ataona nsomba zofewa zija anati, "Mwanangu, tingoziumitsanso, akakazinga sadziwa." Sindiwaweruza, chifukwa ngongole inali pakhosi. Koma ndinawafunsa kuti, "Azakhali, nanga akadya mwana wa munthu n'kutsegula m'mimba, adzafunsa kuti zinachokera kwa ndani?" Anakhala chete, kenako anakatenga khasu.

Akatswiri a zaumoyo amati firiza yodzaza, ikakhala yosatsegulidwa, imasunga kuzizira pafupifupi maola 48 magetsi atazima, ndipo yodzaza theka maola 24. Kuno kotentha musadalire kuti ifika pamenepo. Nsomba kapena nyama yomwe ikadali ndi timiyala ta ayisi mutha kuiumitsanso, ngakhale kukoma kumachepako. Yomwe yasungunukiratu n'kukhala yofunda kupitirira maola awiri, itayeni. Kuumitsanso sikubweza nsomba yoola, ndipo mphuno siigwira zonse. Ngati yafewa koma ikadali yozizira bwino, iphikeni tsiku lomwelo, kapena ing'ambeni muiwambe monga amachitira makolo athu firiza isanabwere.

Mukachokapo masiku angapo, pali kanjira kodziwira zomwe zinachitika. Umitsani madzi m'kapu, ikani kobiri pamwamba pa ayisiyo, n'kuisiya m'firiza. Mukadzapeza kobiri lili pansi pa kapu, dziwani kuti zonse zinasungunuka n'kuumanso. Mipata yopanda katundu muidzaze ndi mabotolo a madzi, kusiya kampata kukamwa kuti asaphulike. Magetsi akazima, ayisi ameneyo ndiye amagwira kuzizira. Ndipo oda ikabwera yambiri, tsukani, igaweni m'majumbo ang'onoang'ono, muike pang'onopang'ono mogunda makoma, yotsalayo idikire pa ayisi. Firiza yanu ikakhala ndi batani la Super kapena Fast Freeze, lidineni kukadali maola angapo katundu asanafike.

Komabe tisanamizane kuti zonsezi zithera pa labala ndi burashi. Boma lathu limadyetsa Blantyre, Zomba ndi Lilongwe nsomba, koma mayi wa geni yaing'ono akusunga mpamba wake wonse m'firiza ya pakhomo yomwe sinapangidwire ntchito imeneyo. Chambo chikusowa, mtengo wake wakwera, ndiye iliyonse yoola ndi ndalama yambiri yotayika. Funso lomwe achinyamata tiyenera kufunsa makhansala, aphungu ndi makomiti a m'madoko ndi lakuti: bwanji m'misika ya nsomba ndi m'madoko akuluakulu mulibe malo okwanira oziziritsira a sola, oti munthu alipire pang'ono n'kusungitsa katundu wake? Dzuwa lomwe likutenthetsa firiza zathuli likhoza kuyendetsa makina opanga ayisi. Magulu a banki m'khonde nawo atha kusonkherana n'kugula firiza ya sola imodzi yolimba m'malo moti aliyense azivutika ndi yakeyake yakaunjika.

Kwathu tinasintha labala, tinasuntha matumba a chimanga, tinagula fridge guard ndi ndalama yomwe ndinkasungira bandulo. Firiza yakhala chete masiku asanu tsopano. Azakhali anakapepesa ku gulu kuti abweza sabata yamawa, ndipo dzulo ndinawamva akuuza mnzawo pa mjigo kuti, "Ikalira mudzuke mukaone, musachite ngati ine."

Inu yanu ikulira nthawi yanji, masana kapena magetsi akangobwera? Kaoneni kapepala kaja, mutiuze chilembo chomwe mwapeza ndi dera lomwe mukukhala.