Mwana wophunzira pakhomo akatenge kuti chilolezo cha ntchito?

Ku America kuli makolo amene satumiza ana awo ku sukulu. Amawaphunzitsa okha pakhomo, ndipo malamulo amalola. Mlandu umabuka mwana akafika zaka 14 kapena 15 n'kufuna kaganyu m'sitolo. M'zigawo zambiri za dzikolo, monga California, mwana salembedwa ntchito popanda chikalata cha chilolezo, ndipo kawirikawiri amene amasaina ndi akuluakulu a sukulu. Ndiye taganizani abale: mwana akagwade kwa bwana amene sanamuonepo m'kalasi, ati bwanayo atsimikize kuti ntchito siisokoneza maphunziro ake. Atsimikiza bwanji? Achita kuombeza?

Palinso lamulo la 1938, la Fair Labor Standards Act. Pansi pa lamuloli mwana wa zaka 14 kapena 15 asapitirire maola 3 pa tsiku la sukulu ndi maola 18 pa sabata ya sukulu, komanso asagwire ntchito nthawi ya sukulu. Sukulu yake iti? Ya boma ya m'deralo. Choncho mwana amene watsiriza masamu ake pakhonde 11 koloko adikire belu la sukulu imene sapitako. Makolo akamang'ung'udza apa, ine ndimawamvetsa.

Koma pamene ndikukana ndithu ndi pa anthu amene akuti mankhwala ake n'kungochotseratu chikalatacho. Chigawo cha Arkansas chinachita zimenezi mu March 2023, bwanamkubwa Sarah Huckabee Sanders atasaina lamulo, ati chikalata chimangovutitsa makolo. Chonsecho mu February chaka chomwecho unduna wa zantchito unali utalipiritsa kampani ya Packers Sanitation Services madola 1.5 miliyoni chifukwa cholemba ana oposa 100, a zaka 13 mpaka 17, ntchito yotsuka makina ocheka nyama usiku. Ena mwa anawo anali mu Arkansas momwemo. Mwezi umodzi wokha, aiwala kale?

Ine ndikuti mwana wa pakhomo ndiye wofunika chikalata kuposa mnzake wa ku sukulu. Wa ku sukulu akamasinza m'kalasi, kapena akabwera ndi zilonda m'manja, aphunzitsi aona n'kufunsa. Nanga wa pakhomo amuona ndani? Ndipo tisanamizane, kholo likapanikizika ndi ngongole limatha kutsinzina dala. Chikalata ndi mpata umodzi woti munthu wapadera aone zaka za mwana ndi mtundu wa ntchito. Achichotse m'manja mwa a sukulu, achipereke ku ofesi ya zantchito, basi. Kumeneko kholo likasaine, wolemba ntchito anene maola ake.

Mwina mukuti za kutali izi zikutikhudza pati. Mu November 2019 America yomweyi inatsekera fodya wa ku Malawi pa madoko ake, ati m'minda mwathu mumagwira ana. Ana analimodi, sitingakane. Koma amene anatiloza chala uja, patangopita zaka zosakwana zinayi, analola chigawo chake china kusiya kufunsa n'komwe kuti mwana akupita kukagwira chiyani, ndipo kwa yani.