Ndemanga: Nsolo, Chiyato ndi Masamu a Kuchulukitsa

Ndemanga ya lero ikukhudza kanthu kamene akuluakulu ambiri amakayesa kachabe, ndiko kusewera kwa ana, ndi m'mene kungathandizire mwana kudziwa masamu a kuchulukitsa, amene kwa zaka zambiri akhala chokhumudwitsa ndi gwero la misozi m'sukulu zathu za pulaimale.

Iwo amene anaphunzira mzinda uno wa Chipata ukutchedwabe Fort Jameson, m'sukulu zimene zinafalikira kuchokera ku mishoni monga ya Magwero, yomwe inakhazikitsidwa mu 1899, akumbukira m'mene matebulo ankaimbidwira m'mawa, kalasi lonse lili chilili, mphunzitsi atagwira ndodo, kuyambira pa 2 kulekeza pa 12. Kulekeza pa 12 kunali ndi chifukwa chake, pakuti makobiri 12 ndiwo ankapanga sheleni imodzi, ndipo wosadziwa kuwerengera kotero ankabedwa m'sitolo maso ali gwa. Masheleni anapita mu 1968 pamene kwacha ndi ngwee zinadza, koma kaimbidwe kaja kanatsala. Ndipo kufikira lero mudzapeza mwana woimba thebulo la 7 mosaphonya, amene mukamfunsa modzidzimutsa kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi zingati, amabwerera kuchiyambi kwa nyimbo, milomo ili phiriphiri, chifukwa mawu anawasunga, koma chimene mawuwo akunena sanachione ndi maso ake.

Tsono taonani nsolo, umene abambo amasewera pamthunzi wa mango ku Kapata ndi ku Mchini dzuwa likapendeka. Kawirikawiri uli ndi mizere 4, mzere uliwonse maenje 8. Muimikeni mwana kumbali yaitali, awerenge: mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi 32. Kenaka mumtengere kumutu kwa nsolowo, ayang'anenso. Adzaona mizere 8 ya maenje 4, ndipo ngakhale awerenge kawiri, katatu, poganiza kuti mwamchita chinyengo, adzapezabe 32. Pamenepo, popanda choko kapena kope, wagwira lamulo lalikulu la masamu, lakuti manambala awiri ochulukitsana angasinthane malo yankho osasintha. Ndipo mwana wodziwa ichi wapepukidwa pafupifupi theka la katundu wa matebulo onse, popeza akadziwa 4 kuchulukitsa ndi 8, wadziwiratu 8 kuchulukitsa ndi 4. Akaponya miyala iwiri iwiri m'dzenje lililonse kuti masewera ayambe, wafika pa 64. Ndipo popeza nsolo wa kwathu umakumbidwa pansi, palibe choletsa kukumba maenje 6 pamzere lero, mawa 9, mkuja 12, kufikira thebulo lonse la 4 litalembedwa m'dothi la pabwalo.

Atsikana nawonso ali ndi chuma chawo m'chiyato. Mwana akaponya mwala m'mwamba, nakokolola timiyala m'kadzenje, nabwezamo tina mwala uja usanagwe, amayamba ndi kutsaza kamodzi kamodzi, pambuyo pake tiwiri tiwiri, kenaka titatu titatu. Kodi kumeneku si kuchulukitsa komwe? Chosowa n'chimodzi chokha, ndicho munthu womfunsa kuti, “Mwanawe, watsaza titatu titatu kasanu ndi kamodzi, usanawerenge, tandiuza uli nato tingati?”

Apa ndiyenera kunena mosabisa, kuti tingadzinyenge tokha, kuti masewera paokha saphunzitsa thebulo. Alipo agogo akatswiri a nsolo, odziwa dzenje limene mwala wotsiriza udzagweremo dzanja lisanayambe kufesa, amene mutawapatsa pepala la mayeso angakubwezereni mwaulemu. Pafunika funso lolumikiza miyala ndi nambala, ndipo kuloweza nakonso sikungatayidwe, pakuti wophunzira wa giredi 7 sangakumbe maenje m'chipinda cha mayeso. Chimene tikupempha n'chakuti maso ndi manja zitsogole, nyimbo itsate pambuyo. Paja akulu anati mmera m'poyamba.

Nkhaniyi yakula msinkhu chiyambire Januwale 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu, ana nakhamukira m'makalasi mwaunyinji. Ndipo ngakhale chaka chomwecho analembedwa ntchito aphunzitsi oposa 30,000, akadalipo makalasi amene mphunzitsi mmodzi, angakhale wakhama chotani, sangathe kumva yankho la mwana aliyense tsiku lisanathe. Koma ana anayi atakhala pansi ndi tizitsekero ta mabotolo amafunsana, natsutsana, nakonzana okha, ndipo wolakwa amasekedwa pang'ono ndi anzake n'kuyesanso, kumene kuli kopepuka kuposa kuchititsidwa manyazi pabolodi. Za masewera a pafoni sitinena zambiri. Ali nawo awagwiritse ntchito, koma foni ya m'nyumba zambiri ndi imodzi, ndipo imayenda ndi mwini wake.

Inu makolo, musafulumire kupirikitsa mwana pansolo pomuyesa waulesi. Mukamtuma ku Saturday Market, mumuuze ayang'ane thireyi ya mazira, mizere 5 ya mazira 6, adzakuuzeni pobwera chifukwa chake ali 30. Ndipo ngati mulu wa matimati uli pa K5, anene mtengo wa milu 4 ndalama isanachoke m'thumba mwanu. Kwa aphunzitsi a ku Chipata College of Education, amene akusula aphunzitsi a mawa, pempho lathu n'lakuti wophunzira aliyense, asanatumizidwe kukayesera ntchito m'sukulu za kumidzi, akumbe nsolo ndi manja ake, naphunzitsirepo phunziro limodzi lathunthu la kuchulukitsa pamaso pa anzake.