Za Mwano wa pa Lamya

Mwezi wathawu mai wina wa kwathu kuno anamva za imfa ya mwana wace m'njira imene sindifunira munthu ali yense. Mnyamatayo anagundidwa ndi galimoto pa mseu, ndipo asanamnyamule, wina wodutsa anamjambula ali cigonere m'mwazi, natumiza cithunzico ku gulu la WhatsApp la anthu a m'dera lathu. Maiyo anali kumunda. Mtsikana wina anamthamangira ndi lamya m'manja, nati, Kodi uyu si wanu? Mfumu inali isanamve, ndipo panalibe mkulu womkhazika pansi, kapena mbale womgwira dzanja.

Wojambulayo ndimdziwa. Si wamisala, si woledzera. Pa maliro amakumba nao manda, ndipo akakomana ndi mkulu amabvula cipewa. Nanga cinamlowa nciani?

Ambiri amati coipa ndico kubisa dzina, ndi kuti boma likakakamiza yense kulemba dzina lace leni leni, mwano udzatha. Ine ndikana. A ku South Korea anayesa zomwezo: mu 2007 anaika lamulo lakuti wolemba mau pa masamba akulu a intaneti ayambe watsimikiza dzina lace. Mu 2012 bwalo lao lalikulu linathetsa lamulolo, pakuti silinapeze umboni wakuti zoipa zinacepa. Ndipo ife tiona ndi maso athu kuti otukwana ambiri pa Facebook amatukwana dzina ndi nkhope zao ziri poyera. Wojambula uja sanabise kanthu. Nambala yace inali pomwepo.

Cimene cibisika ndico nkhope ya mnzako. Munthu akanyoza mnzace pabwalo, amaona msozi ukulengeza, amaona akulu akuwerama, ndipo lilime limalemera lokha. Pa lamya palibe msozi. John Suler, mphunzitsi wa za maganizo ku America, analemba mu 2004 kuti kusaonana ndi kusayankhana nthawi yomweyo kumasula anthu kunena zimene sakadanena pamaso. Wojambula uja akadaona mai wace wa mnyamatayo ataima pambali pace, dzanja likadakana.

Pamwamba pa ici pali khamu. Woyamba kutumiza mbiri amayesedwa wodziwa zinthu, ndipo mau aukali amachuka msanga koposa mau ofatsa. Musayese kuti izi zingocitika zokha. Eni ace a Facebook amapeza ndalama ndi malonda amene amalengezedwa pamenepo, cotero afuna kuti maso athu asacoke. Makalata a m'kati mwa kampaniyo, amene Frances Haugen anaulula mu 2021, anaonetsa kuti kuyambira 2017 tinkhope timene anthu amadina, pamodzi ndi ka mkwiyo, tinali kuwerengedwa kasanu kuposa cizindikiro ca kukonda, posankha nkhani zoonetsa anthu ambiri. Pambuyo pace anacepetsa mphamvu ya ka mkwiyoko, koma kwa nthawi ndithu cimene cinakwiyitsa anthu ndico cinaikidwa patsogolo. Wogulitsa kacasu sanganene kuti ndeu ya pakhomo pace siimkhudza.

Tsono ticite ciani? Ena akhulupirira apolisi. Lamulo liripo, Nyumba ya Malamulo inaliika mu 2016, ndipo liletsa kuzunza ndi kuopseza munthu pa intaneti. Koma amene timamva kawiri kawiri kuti agwidwa nalo ndiwo onyoza akulu a boma. Mai wa kumunda uja, ndani adzamtengera mlandu wace ku boma, ulendo wa tsiku lathunthu, m'masiku a maliro? Lamulo lochinjiriza amphamvu kopambana ofooka sindilitama, ndipo kuliwonjezera mano sikudzapukuta misozi ya kumudzi.

Cimene cinathandizako cinaoneka ku India. Mu Julaye 2018, pa mudzi wa Rainpada, khamu linapha amuna asanu cifukwa ca mbiri yonama ya akuba ana, imene inayenda pa WhatsApp. Ife sitingawaseke, popeza mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nao. Kampaniyo inaletsa kutumiza uthenga umodzi ku malo opitirira asanu nthawi imodzi, poyamba ku India, ndipo mu 2019 pa dziko lonse. Mu 2020 inacepetsanso, kuti uthenga woyendayenda kwambiri upite ku malo amodzi okha, ndipo inanena kuti mauthenga otere anacepa ndi magawo 70 pa 100. Sanamange munthu, anangocedwetsa cala. Ngati angathe kutero atakakamizidwa ndi imfa, angathenso kulemba anthu okwanira odziwa Cicewa, oti awerenge madandaulo athu. Boma lathu liwaumirize pa ici, lisiye kulonda amene aseka nduna.

Koma mlandu waukulu ndiuika pa ife eni magulu. Gulu liri lonse la WhatsApp liri ndi mwini wolisunga, ndipo kuyambira 2022 iye ali ndi mphamvu yakufafaniza uthenga wa munthu ali yense kuti usaonekenso kwa onse. Ameneyo ndiye nyakwawa ya gululo, afune asafune. Nyakwawa yoona mtembo wa mwana wa eni ukuonetsedwa pabwalo, niingokhala cete, tikadaicotsa. Gulu la mudzi, la mpingo, la sukulu, lipangane poyera kuti mbiri ya imfa siilembedwa abale asanauzidwe, ndi kuti wolakwira pangano aitanidwe kwa akulu, akhale pansi maso ndi maso ndi amene anamlakwira. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mnansiyo sali ku California.

M'gulu lathu lija tirimo anthu oposa 200. Cithunzico cinakhalamo kufikira madzulo. Ena analemba mau acisoni pansi pace, ena anacitumiza kwina, ndipo panalibe mmodzi anati, Cotsani ici. Ine ndemwe ndinaciona dzuwa liri pamutu, ndipo ndinangoika lamya m'thumba. Loweruka likudzali ndipita kwa maiyo kukapepesa, ndipo ndapempha wojambula uja kuti tipite tonse. Sanandiyankhe.