Ndani awerenge mitengo ya ku Nsadzo?

Mwana wa ku Nsadzo, m'boma la Chifunde, akanena kuti akufuna kukaphunzira za nkhalango ndi nyama zakutchire ku yunivesite, makolo ambiri amakwinya nkhope. Iwo amafuna mphunzitsi, namwino, kapena injiniya wa ku migodi ya malasha ku Moatize. Za mitengo, amatero, ngakhale agogo ake amazidziwa osapondako kusukulu. Ife tikutsutsa maganizo amenewa, ndipo chifukwa chathu ndi ndalama.

Kuyambira mu 2002, lamulo la dziko lino la Mozambique limati magawo 20 pa 100 alionse a msonkho umene boma latolera pa mitengo ndi nyama zakutchire abwerere kwa eni dera. Chigawo chathu cha Tete n'chimene chinatsogola pa nkhani yogawana phinduyi, pamene pulogalamu ya Tchuma Tchato inayamba ku Bawa, m'boma la Mágoè, mu 1994. Koma gawolo limachokera pa zimene zalembedwa m'kaundula basi. Chipika cha mlombwa chikadutsa usiku pa msewu wa ku Cassacatiza popanda chikalata, mudzi supezapo olo khobidi. Nanga komiti ya m'mudzi ingatsutse bwanji chiwerengero cha kampani yodula mitengo, ngati ilibe munthu wodziwa kuzunguliza tepi pa thunthu, kuwerengetsa kuchuluka kwa matabwa, ndi kumva zolembedwa m'Chipwitikizi pa laisensi?

Taonani za nkula, mtengo wofiira mkati uja umene anzathu a ku Zambia amati mukula. Ogula a ku China atauthamangira, boma linaletsa kuudula mu 2018. Chaka chotsatira unalowa m'ndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, kutanthauza kuti sungatuluke m'dziko popanda umboni wa asayansi wakuti malondawo sauthetsa. Umboni wotere sapangira mu ofesi ku Maputo. Pamafunika munthu woyenda m'thengo ndi kabuku, kuwerenga mitengo yokhwima, zitsa, ndi timitengo tophukira.

Kophunzirira kulipo. Yunivesite ya UniZambeze imaphunzitsa zaulimi ku Ulónguè, kwa anansi athu a ku Angónia, ndi zachilengedwe ku Chimoio. Ku paki ya Gorongosa, kuyambira mu 2018, achinyamata a dziko lino amachita digiri yachiwiri ya zaka ziwiri akukhala m'paki momwemo. Dominique Gonçalves, mwana wa m'chigawo cha Sofala, wadziwika mpaka kunja chifukwa cha kafukufuku wake wa njovu za kumeneko.

Komabe tisanamizane. Gorongosa ili ndi thumba la munthu wolemera, Greg Carr, amene anasainirana pangano ndi boma mu 2008. Chifunde alibe womugwira dzanja wotero, ndipo ophunzira amapita kumene kuli galimoto ndi chakudya. N'chifukwa chake tikupempha aphunzitsi a ku Ulónguè ndi ku Chimoio kuti potumiza ophunzira kukachita kafukufuku womalizira, ena awalozere kuno. Mafunso ndi ambirimbiri. Chigafa chimodzi cha fodya chimadya milimo ndi mapaso angati, ndipo chimatha zaka zingati chiswe chisanachigwetse? Moto wa osaka mbewa mu Ogasiti ndi Seputembala umapha timitengo tingati?

Ndipo akamaliza, asangosiya bukulo pa shelefu ya yunivesite. Abwere kubwalo la mfumu, afotokoze m'Chichewa zimene apeza, komiti ya m'mudzi ilandire pepala lake la ziwerengero loti ipite nalo ku boma la Chifunde.