Galasi lakuda silingalowe m'malo mwa khonde

Nyumba zazikulu zimene zikumangidwa masiku ano ku Hauna, m'chigwa cha Honde, ndi m'tawuni ya Chipinge zayamba kuvala magalasi akuda ngati galimoto ya nduna. Khoma lonse lakumaso ndi windo, denga n'lodula m'mbali, khonde palibe. Dzuwa likayamba kuwotcha pabalaza, mwini nyumba amaitana womata pepala lakuda lija, n'kumati wathana nako kutentha. Ine ndikuti pepalalo ndi chigamba pa nyumba imene inalakwika pojambula.

Tiyi anayamba kulimidwa ku Chipinge mu 1924, pa esiteti ya New Year's Gift imene lero ili m'manja mwa Tanganda. Nyumba za mabwana a m'maesiteti ngati imeneyi zinali ndi denga lotambalala ndi khonde lalikulu. Anthu a ku Nyasaland amene ankathyola tiyiyo ankagona m'makomboni, ndipo pakhonde la bwana ankafikapo chipewa chili m'manja. Mdzukulu wawo akanyansidwa ndi nyumba zoterozo, ndimumvetsa. Komatu khonde silinabwere ndi mzungu. Nyumba yaudzu ya ku Mulanje inali nalo, ndipo agogo ankasenda chimanga pomwepo.

Khonde limadziwa nyengo. Kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale dzuwa la masana limadutsa pafupifupi paliwombo, choncho denga lotuluka bwino limaphimba windo lonse. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limapendekera kumpoto, n'kulowa pansi pa dengalo kudzafunditsa nyumba nthawi imene chifunga cha kumapiri chikulowa m'mafupa. Pepala lakuda silisiyanitsa zimenezi. Limatchinga dzuwa la Novembala, n'kutchinganso la Juni limene mukulifuna. Ndiye m'dera la mvula yambiri ngati Honde, chipinda chosaona dzuwa chimayamba kununkha chinyontho, nsapato n'kuchita nkhungu.

Lotchipa, lija longopakidwa utoto, ndiye bodza lenileni. Limamwa kutentha, galasi n'kutentha, mbali ina ya kutenthako n'kutulukira m'nyumba momwemo. Chomwe mwagula ndi mdima. Ndipo mdima umafuna magetsi, m'dziko limene mu 2019 ZESA inkazimitsa magetsi mpaka maola 18 patsiku. Kuyatsa babu masana dzuwa lili phwee kunja, n'chitukuko chimenecho?

Ena amati akufuna kuti odutsa asamawaone. Galasi lonyezimira ngati kalilole limabisa mbali imene kuli mdima basi. Usiku mukayatsa nyale zimatembenuka: wakuba ali panja amakuonani bwinobwino, inu mukungoona nkhope yanu. Makatani mudzagulabe.

Pa windo loyang'ana kumadzulo ndivomereza. Dzuwa la chakumadzulo limabwera chopingasa, denga silingalitchinge, ndipo pepala labwino losada kwambiri lingathandize, makamaka pamene mtengo wa mango ukukula.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mlendo. Kwathu munthu amakuwa odi akuona wina pakhonde, n'kupatsidwa mpando asanafotokoze chomwe wadzera. Pa nyumba ya magalasi akuda amaima pageti osadziwa ngati muli anthu, mwini wake akumusuzumira mkati n'kumaganiza ngati atsegule. Wothyola tiyi uja ankaima chimodzimodzi kunsi kwa masitepe a bwana, kungoti iye ankamuona bwanayo.